Pepala Lilibe Lilime

Chaka chimene makuponi anatipatsa soya m'malo mwa mtedza, chotsatira chake ndicho chaka chimene ndinatsala pang'ono kulandidwa mkazi mnzanga. Mkazi mnzanga ndikunena mdzukulu wanga wamng'ono, kamtsikana ka mwana wanga wachisanu. Kwathu kuno ku Wimbe mdzukulu wamkazi timamutcha choncho, poti amatilanda amuna athu, agogo ake. Anga anapita kale, koma dzina linatsala.

Tinapita kukaombola mbewu, tinaima pamzere kuyambira mame mpaka dzuwa paliwombo, pofika pawindo akuti mtedza watha, tengani soya. Tinatenga. Tinadzala. Anabereka mochita kunyanya. Mavenda anabwera ndi masikelo awo abodza, tinawabweza, matumba awiri n'kukhala pakona ya nyumba ngati alendo osadziwa kutsanzika. Kumuphika ngati nyemba, nkhuni kutha, iye ali gwa. Tinamusiya.

Mvula inabweranso, fodya anakula, inafika nyengo yothyola ndi kusoka. Mwana wanga ankalawirira kumunda, masana onse ali m'chigafa kusoka masamba, kamwana kali pambali pake. Ndi mwezi womwewo anakaletsa kuyamwa. Ndi mwezi womwewo kanatseka pakamwa. Phala ayi, nsima ayi, dzungu ayi. Mayi ake akabweretsa dzanja, iko mutu uko.

Tsono mkamwini wanga amagwira ntchito ku Boma, mu ofesi, yonyamula mapepala kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo. Munthu wabwino, sindikana. Samwa, samenya. Koma mapepala anamulowa m'magazi. Anabwera Loweruka, anatsegula buku la kusikelo, anaona mzere wa mwana waweramira pansi. Anakanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, chipewa m'manja, ulemu wonse uli pamenepo, mawu okha ndiwo analibe ulemu.

“Amayi, mwanayu watopa ndi zakudya zomwezomwezi. Nkhwani lero, nkhwani mawa. Ndiponso ndamva kuti nthawi zina mumamutafunira.”

“Ndinatafunira asanu ndi awiri, bambo. Mmodzi mwa iwo ndi amene munakwatirayu. Mwapeza pamene panaperewera?”

Anayang'ana pansi, anatulutsa mapepala m'thumba la malaya. Akuti anakopera kwa alongo ake, aphunzitsi a ku Boma komweko. Kaphikidwe katsopano, ka masiku ano, ka magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Akuti soya amene tikumunyozayu ndi nyama, ndi mkaka, ndi mazira, zonse m'thumba limodzi. Akuti aziphika ndi mayi ake a mwana, azidyetsa ndi mayi ake a mwana, atasamba m'manja ndi sopo, ndipo sopoyo anabwera naye, wonunkhira ngati mkwatibwi.

“Sikelo ikubwerayi akapanda kukwera,” anatero, “ndimutenga akakhale ndi alongo anga. Kumeneko amadya poyang'ana wotchi.”

Ine ndinanyanyala. Ndinati chabwino, dzanja langa lakuda ili silikhudzanso mbale ya mwana. Ndinayala mkeka pakhonde, ndinatambasula miyendo, ndinati tione.

Ndipo tinaona. Dzuwa likapendeka mwana wanga ankachoka kuchigafa msana utauma, kusamba m'manja ndi sopo wa mkwatibwi uja, kutsamiritsa pepala ndi mwala, n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati kalata ya abusa. Tsiku loyamba unali mkaka wa soya. Wiritsa, sinja, thira madzi, finya pansalu. Anafinya, anafinya, madzi oyera n'kutuluka, ng'ombe ya m'thumba yakamidwa. Anaphikira phala. Akulu ake a kamwanako, awiri, analawa n'kuyang'anana.

“Amayi, likuwawa.”

“Soya ndi choncho. Idyani.”

Tsiku lina anali masoseji. Masoseji opanda nkhumba, opanda mbuzi, opanda chilichonse chimene chinayendapo ndi miyendo. Chinangwa ndi soya, kukanda ndi manja, kuumba ngati zala za munthu wotupa, kukazinga m'mafuta a pa Khirisimasi. Ana analuma kamodzi. Galu ananunkhiza, anandiyang'ana ine, anapita kukagona. Tsiku lina juwisi wa kholowa. Kholowa, ndiwo ya ulemu wake, yofuna tomato ndi nsinjiro, kumufinya m'kapu kuti ana amwe ngati mankhwala a njoka za m'mimba. Mtundu wake sindinena, pali anthu akudya.

Ine pamkeka ndinkangoimba kanyimbo kanga, kopeka ndekha, motsitsa koma momveka.

Pepala, pepala, phika tione,
pepala lilibe lilime.

Ndinaimba sabata yoyamba, ndinaimba yachiwiri. Yachitatu mawu anayamba kundithawa, chifukwa mkanda wa m'chiuno mwa mkazi mnzanga unayamba kutsika wokha. Ndinkauona ndikamamusambitsa. Ndinkaukweza, iwo n'kutsikanso. Sikelo inali itatsala masiku owerengeka, ndipo ine, nkhalamba yonse, ndinali ndidakali pamkeka kusunga mkwiyo ngati mbewu.

Madzulo ena pepala linatopa, linalamula chinthu chodziwika, futali wa mbatata, kungoti wothira ufa wa soya pamodzi ndi nsinjiro. Akulu aja anadzipakulira, anadya, ananyambita mbale. Kamwana kali pamiyendo pa mayi ake, milomo ili tseke. Mayi ake anatapa ndi zala, anauzira, anapembedza, anaopseza, iko kulira. Kenako analira ndi mayi ake.

“Amayi, musangokhala apo ndi nyimbo zanu. Lawani nokha mundiuze chimene ndalakwa.”

Anandiponyera nthongoyo m'kamwa ndi zala zake zomwe, ndisanakane. Kuwawa kwake ngati ndulu ya nkhuku. Ndinati ndimuseke, koma ndinaona mbale za akulu aja zili mbee. Ndinadzuka, ndinatapa mumphika ndi chipande. Kukoma. Kutsekemera, kununkhira, futali weniweni. Ndinabwerera, ndinagwira dzanja la mwana wanga, ndinanyambita chala chake chachikulu ngati mbuzi pamchere.

Fodya.

Utomoni wakuda uja umamata m'manja ukamathyola ndi kusoka, unali m'ming'alu, unali m'zikhadabo, sopo anangoupaka fungo pamwamba. Mwini wake sankaumva, lilime lake linali litazolowera, tsiku lonse ali momwemo. Chilichonse chofinya, chokanda, choumba, chinkatuluka chowawa, ife n'kumanamizira soya. Ndipo kamwana, kamene chakudya chake chonse chinkadzera m'zala zimenezo, kanangoganiza kuti dziko lonse lawawa. Ndinazidziwa kale zimenezi, mayi anga ankatipaka madeya ndi phulusa tisanakhudze mtondo. Koma fodya ndinamusiya kalekale chifukwa cha chifuwa, ndipo mkwiyo umaiwalitsa. Pamenepo pokha ndiye ndikuvomera. Pena paliponse olakwa ndi ena.

Ndinakalanda kamwanako, ndinatapa futali ndi dzanja langa lakuda lija, loletsedwa lija. Kanakana kamodzi. Ndinakapaka pang'ono pamlomo. Kananyambita, kenako kanayasamula kukamwa ngati mwana wa mbalame. Kanadya mpaka kugona nthongo ili m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo tinagawana ntchito. Mwana wanga maso, ine manja. Iye kuwerenga, ine kufinya. Iye kuloza, ine kuumba. Ndipo ndinene, poti kutchalitchi amatiletsa bodza: zina za papepalapo zinali zodyeka. Zitumbuwa za nthochi ndi soya ana ankalimbirana. Phala la mkaka uja, wofinya ine, linkatsetsereka lokha. Juwisi wa kholowa yekha ndiye ndinati pepala limenelo tiyatsire moto.

Tsiku la sikelo mkamwini anabwera ndi alongo ake aja, nsapato zogogoda m'matope a ku Wimbe, chitenje chatsopano chopindapinda m'manja, choberekera mwana wa eni. Alangizi a zaumoyo anamangirira sikelo pamtengo wa mango. Tinamukoleka mkazi mnzanga, akupalasa miyendo, akutukwana m'chinenero chake. Muvi unayenda, unafika pamene unaima mwezi watha, unapumira pang'ono kuti undiyese mtima, n'kudutsa. Alangizi analemba, mzere unadzutsa mutu. Ndinaimba nthungululu mpaka akhwangwala anathawa mumtengo.

Kunyumba mkamwini anakanjuta pamalo pake paja, pafupi ndi nkhokwe, nkhope ikuwala.

“Mwaona, amayi? Kaphikidwe.”

“Ndaona, bambo. Sukulu ndi yabwino.”

Tsono m'mawa mwake mwa tsikulo ndinali nditamunong'oneza mwana wanga kuti apite kaye kuchigafa, asokeko pang'ono, asambe ndi sopo yekha, aumbe zitumbuwa ziwiri zapadera za alendo. Anakana, anaseka, anaumba. Anazipereka atagwada, pambale ya maluwa. Alongo aja analuma, anaima, anakulunga chotsalacho m'kampango, akuti akadyera kunyumba, m'mimba simuli bwino. Mkamwini analuma, nsagwada zinaima, maso anadzaza madzi. Anayang'ana chitumbuwa, anayang'ana mkazi wake, anakumbukira kuti pepala ndi lake. Anatafuna. Anameza. Anamaliza chonse.

“Zakoma bwanji, bambo?”

“Zakoma, amayi. Zopatsa thanzi zimawawirako pang'ono.”

“Ndiye tikuikireniko zina za panjira.”

Anati ayi, zisiyireni ana.

Za utomoni wa m'manja uja anauzidwa pambuyo pake ndi mkazi wake, fodya atapita ku okushoni. Kwa ine sanaitchulepo nkhaniyo mpaka lero. Chimene ndinaona n'chakuti nyengo ya fodya itabweranso, anatsika pa kabaza ndi thumba la mandimu, akuti n'zosambira m'manja, akuti anawerenga penapake.

Koma tsiku la sikelo lija anabwerera ku Boma awiri, monga anadzera. Chitenje chatsopano chija alongo anachita nacho manyazi, anachisiya pamkeka, akuti mphatso ya agogo. Ndinachitambasula iwo asanakhote pamseu, ndinaberekera mkazi mnzanga, ndinamanga mfundo pachifuwa, ndinawaperekeza mpaka pamphambano ndikuvina pang'onopang'ono, kuti aone bwino mmene chikukhalira.