Benzi Yakana Kufa

Kwa Mponda kuli mkulu wina, mwini makoka ndi mabwato, amene amakonda galimoto yawo yakale ya Benzi kuposa tiyi wa m'mawa. Poipukuta amachita kuisisita ngati mwana wodwala, ndipo munthu akaitcha chiphakasa, samuyankhanso moni mpaka mwezi utha. Imafa sabata ndi sabata, koma iwo amati, "Yangopuma, mabwana amapuma." Woidzutsa ndi Lourenco, makaniko amene adathawa nkhondo ku Mozambique.

Chaka chatha kudabwera munthu wa galaja ina ya ku Blantyre ndi nkhani ya galanti: ukalipiriratu, chilichonse chimene chawonongeka amakukonzera ulere kwa zaka ziwiri. Mkuluyu adasowa tulo, pakuti kuti aigule ankayenera kugulitsa bwato limodzi.

"Iwe Lourenco, ndigule kodi?"

"Gulani, bwana. Ine msana watha ndi kugona kunsi kwa Benziyi."

Bwato lidapita, galanti idagulidwa. Kuyambira tsiku limenelo Benzi ija sinatsokomoleko n'kamodzi komwe.

Tsopano mtima wa mkuluyu suli m'malo. Amaisenzetsa matumba a ufa wopita ku msasa wa othawa nkhondo n'kuikweza phiri la ku Chowe, akulunjika dala dzenje lililonse. Iyo imangobwerako ili nganganga.

Dzulo adakaiimika pakhomo pa Lourenco, maso ali psuu, nayamba kunong'ona.

"Mwana wanga, galanti ikutha ndisanaidyerere. Tatsegula kutsogoloku, uone ngati sungapezeko kanthu koti kathyoke."