Jekete la Bulangeti Lotuwa

Dzulo pa mota yanga, njinga yamoto ya kabaza, ndinanyamula mayi wina atafunda bulangeti lonyowa ndi mvula. Fungo lake linandibwezera m'kalasi ya ku Sanjala, dera lathu mumzinda wa Lichinga kuno ku Mozambiki.

Kuzizira kwa Lichinga sikusewera. Amayi anandisokera jekete podula bulangeti lotuwa lomwe analandira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ine ndisanabadwe. Linkayabwa m'khosi koma ndinkanyada nalo. Anzanga akamaligwiragwira ndinkayesa akusirira, osadziwa kuti bulangeti lotere aliyense ankadziwa komwe linachokera.

Tsiku lina aphunzitsi anandiimika kutsogolo n'kutsina mkono wa jeketelo.

"Iwe Saide, kwanu n'kuti?"

"Konkuno ku Sanjala, aphunzitsi."

"Ayi, kwanu kwenikweni."

Ndinkayesa ndi funso la mayeso, loti ukalakwa subwerera pampando. Ndinatchula msewu wathu, chitsime chathu, ngakhale chipatala chomwe ndinabadwira. Iwo ankangopukusa mutu, kalasi yonse ikuseka, thukuta likutsika m'jeketemo.

"Ndiuzeni yankholo, ndiloweze," ndinawapempha.

Anayankha ndi mnyamata wina kumbuyo: "Mmalawi ameneyo, azipita kwawo." Ndinalumpha mabenchi awiri n'kumuswa mphuno. Aphunzitsi anandiuza kuti ndikabwere ndi makolo, ndipo sindinapondenso pasukulupo.

Ku Malawiko achibale amatitcha Amozambiki. Anthu amati kufunsa si tsankho, ndipo funso loyamba lija ndilibe nalo mlandu. Koma munthu akakana yankho lako n'kufunsanso, ameneyo sakufuna kudziwa, akukusonyeza khomo.