Nyemba za a Sakapenda

Alamu anga a Sakapenda, amuna a mkulu wanga, ndi munthu woti ukawafunsa kumene akupita amangoti "uko" kwinaku akuyang'ana zala zakumapazi. Chibadwire ntchito yawo ndi njuchi. Amasenda khungwa la mombo, kulipinda, n'kukalipachika pamwamba pa mtengo m'nkhalango ya boma. Ana awo onse sukulu anaphunzira ndi uchi umenewo. Koma kumene kuli ming'omayo ngakhale mkazi wawo sakudziwa. Kwathu kuno ku Mwinilunga mng'oma sulozedwa ndi chala. Ukaloza, njuchi zimasamuka, ndipo zikapanda kusamuka, mnzako ndiye amasamutsa uchiwo.

Ndiye chaka china kunabwera a zankhalango, n'kutisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Mayi wina wachipewa anaimirira. "Boma silikufunanso kuganiza lokha," anatero. "Nkhalangoyi tiikonze limodzi." Tinayang'anizana. Limodzi? Si omwewa ankatilanda nkhwangwa?

Anajambula nkhalango yonse pansi ndi phulusa: mtsinje apa, chitunda apo, dambo la Kalembela kumunsi. Kenako anagawira aliyense nyemba zodzaza dzanja, ati tiike pamalo pamene timapezapo thandizo.

Alamu anandikodola. "Mlamu, nyembazi ndi mbewu kapena ndiwo?"

"Akuti muike pamene pali ming'oma yanu."

"Pamaso pa Kamwandi?"

A Kamwandi ndi mnzawo wa njuchi, yemwe alamu amamuganizira kuti amawalonda akamalowa m'tchire. A Kamwandiwo anali atakhala kutsogolo, maso ali tong'o. Alamu anadzuka, anazungulira phulusa lija ngati nkhuku yofuna poikira, chitunda anachidutsa osachiyang'ana n'komwe, n'kukakhuthula nyemba zonse pa Kalembela. Kalembela! Udzu wokhawokha, popanda ndi kamtengo komwe kopachikapo malaya. A Kamwandi anatsokomola, nawonso n'kukathira zawo pomwepo. Ena onse a njuchi chimodzimodzi. Aliyense anabwerera pamalo pake akumwetulira, poganiza kuti wapusitsa mudzi wonse. Zanga ine ndinaika kumtsinje kumene ndimaviika chinangwa, pakuti chinangwa chovunda sichibisika.

Mayi uja anadabwa. "Nonse kudambo? Kuchitundaku sikupita munthu?"

"Kuli njoka," anatero alamu.

"Zikuluzikulu," a Kamwandi anavomereza. Chiyambire ndinali ndisanawamvepo akugwirizana.

Ndisamunamizire mayiyo, anafunsa mobwerezabwereza. Atatopa anajambula nyemba zija ndi foni, ife n'kuomba m'manja osadziwa chimene tikuombera.

Mvula itatha mayi uja anabweranso, nkhope ili mwee. "Mawu anu tawamva," anatero. "Dambo la Kalembela ndi lanu tsopano, palibe adzakuvutitsaniko. Chitunda, popeza simuchigwiritsa ntchito, chipita kwa ocheka matabwa."



"Mlamu," alamu ananong'ona, "atipatsa kapena atilanda?"

"Zonse ziwiri."

"Kodi nyemba zija zinali voti? Bwanji sananene?"

"Ananena, inu! Makutu anu anali pa a Kamwandi."

Mayi uja anaona kuti nkhope zagwa. "Ngati alipo amene ali ndi kanthu kuchitunda, abwere aloze pano, tikonza lero lomwe."

Ndinawatsina alamu m'nthiti. "Dzukani, bambo inu! Ana adya chiyani?"

"Ayambe iyeyo."

A Kamwandi nawo anali atapenyetsetsa alamu, kudikira zomwezo. Ndinalakalaka nditaloza ndekha, koma ndikanaloza pati poti sindinkadziwa? Mayiyo anadikira, anadikira, kenako anapinda mapepala ake.

Makina atayamba kulira, alamu anathamangira kuchitunda kukatsitsa ming'oma. Ali m'mwamba anamva nthambi ikuthyoka pamtengo woyandikana nawo. A Kamwandi! Kutsogoloko enanso, aliyense ndi chingwe chake. Zaka zonsezi ming'oma yawo inkayang'anizana, eni ake akubisirana njira.

Anaisenzera ku Kalembela, n'kuikhazika pa mphanda. Njuchi sizinatsatire, m'menemo mukugona abuluzi. Mpaka lero alamu samvetsa kuti anafunsidwa liti ndipo anayankha liti.

Masiku ano amakhala pakhonde, moyang'ana chitunda cha zitsa chija. Mlendo aliyense wodutsa amamuimitsa, ngakhale asanafunse kanthu, n'kutambasula dzanja, chala chili tololo.

"Mukuona apo? Ming'oma yanga inali apo."