Tsiku limene ndinati dzana

Mkazi wanga ali moyo, sindinakhalepo pa benchi ya kuchipatala ndi mwana. Iye ndiye ankabereka ana kumbuyo, ankasunga makadi a sikelo m'pulasitiki, ankadziwa tsiku limene mwana aliyense wayamba kutsokomola. Atamwalira anandisiyira mwana wathu wotsiriza, wamkazi, ali ndi zaka ziwiri. Akulu ake onse anali kale kumabanja awo.

Mwanayu ali ndi zaka zinayi, thupi lake linatentha Lamulungu titangoweruka kutchalitchi. Inali nthawi yokumba mtedza, umene kwathu timati nshawa, ndipo kumunda ndinali ndekha. Ndinamupatsa panado. Lolemba panado, Lachiwiri panado. Ndinkamugoneka pamthunzi wa mango m'mphepete mwa munda, ndikatha mzere n'kupita kukamugwira pamphumi. Ndinkapemphera, n'kumati tiona mawa. Pofika Lachinayi maso anali atafiira koma opanda manthongo, milomo itang'ambika, lilime lili psu. Manja anatupa moti kapu inkamugwa. Lachisanu ndinamubereka ndi chitenje cha amayi ake, n'kupalasa njinga kupita ku kiliniki ya kufupi ndi Sinda.

Pa benchi mwamuna ndinali ndekha.

“Taonani mfundoyo!” anatero mayi wina. “Amanga mwana ngati thumba la thonje.”

“Kwatirani, abambo, ife tilipo,” anawonjezera mnzake, onse n'kufa nalo phwete.

Ndinamwetulira mwamanyazi. Chitseko cha anesi chinali chosatseka bwino, ndipo tinawamva akukalipira mayi amene anali m'katimo: “Sabata yathunthu mwana ali m'nyumba! Mumadikira chiyani?” Mayi uja wa thumba la thonje anandinong'oneza: “Mukalowa muziti layamba dzana. Tonse timatero.”

Nditalowa, anesi anamubaya mwana pachala. Malungo sanapezeke. Anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa nthawi yaitali.

“Thupi layamba liti kutentha?”

“Dzana.”

“Dzana lenileni, abambo?”

Ankandidziwa. Amayi awo tinkapemphera nawo, ndipo ine ndinali mkulu wa mpingo. Ndinati inde. Munthu wina akanamukayikira, koma ine anandikhulupirira. Analemba masiku atatu pamene anali asanu ndi limodzi, anatipatsa mankhwala akumwa, nati tibwerenso Lolemba ngati sizisintha.

Sizinasinthe. Lolemba anatilembera kalata, Lachiwiri tinagonekedwa kuchipatala chachikulu cha ku Katete. Lachitatu kunabwera dokotala wachizimayi, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Anawerenga kalata ija, n'kuwerengera pazala zake.

“Lero ndi tsiku lachisanu n'chitatu,” anatero. “Nthawi ikadalipo.”

Kenaka ananyamula dzanja la mwana. Khungu la kunsonga kwa zala linali litayamba kusupuka. Ine ndinali nditaliona m'mawa n'kuyamika Mulungu, poganiza kuti matenda akutuluka. Dokotala analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

“Khungu ili silifulumira chonchi. Abambo, sindikukalipirani. Tiyeni tiwerengenso bwinobwino.”

Ndinawauza za Lamulungu lija, za nshawa, za pa benchi. Anafufuta nambala ija n'kulemba khumi ndi limodzi. Ndikanakonda akanandikalipira.

Anakhala pansi kundifotokozera. Anati si chikuku, si malungo. Ndi matenda osowa a ana aang'ono, otupitsa mitsempha ya magazi, makamaka timitsempha todyetsa mtima weniweniwo. Sapatsirana, ndipo chimene chimayambitsa sichidziwika. Palibe choyezera chimodzi chimene chimawaonetsa. Amawazindikira poona maso, milomo, manja, ndi thupi lotentha masiku asanu kapena kupitirira. Mankhwala ake ndi a dripu, ndipo amateteza bwino mtima akaperekedwa masiku khumi asanathe. Dzina la matendawo ndi lachijapani. Anandilembera pakapepala, ndipo kali m'Baibulo langa mpaka lero.

Mankhwalawo pamenepo panalibe. Anatitumiza ku Lusaka, ndipo dripuyo analowa m'thupi la mwana Lachisanu, tsiku lakhumi ndi chitatu. M'mawa mwake thupi linazizira, mwana n'kupempha nthochi. Koma atamuunika pachifuwa ndi makina, anandionetsa pakanema mtsempha umodzi utafufuma malo amodzi, monga mmene chubu cha njinga chimachitira pamene chafooka. Anati m'malo otere magazi angathe kuundana.

Titabwerera ku Katete, dokotala wamfupi uja anandiuza kuti ngakhale ndikananena zoona, mwina kukiliniki sakanawazindikira, chifukwa ambiri sanawaonepo matendawa. Anatinso ana ena amatupabe mitsempha ngakhale alandire mankhwala pa nthawi yake. Ananena mokoma mtima, ndipo ndikhulupirira kuti n'zoona. Koma ndimakumbukira mmene anesi aja anayang'anira m'kamwa mwa mwana. Anali akukayika kale. Anandifunsa kawiri. Akanamva masiku asanu ndi limodzi, kalata ija akanalemba Lachisanu lomwelo.

Mayi wa pa benchi uja sindimuimba mlandu. Anandichitira chifundo monga ankadziwira. Ine ndinaopa kuti amayi aja amve mkulu wa mpingo akukalipiridwa, basi.

Mwanayu tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'mawa uliwonse amamwa kapiritsi ka asipulini asanapite kusukulu, ndipo chaka chilichonse timakwera basi kukamuunika. Kalendala ya kumpingo imene ili pakhoma pathu yadzaza timizere, chifukwa akangotentha thupi ndimalemba tsikulo n'kunyamuka naye. Ulendo wina nesi watsopano atamva ndikuti layamba lero m'mawa, anaseka nati, “Onse amatero.”

Chaka chino anatiuza kuti mtsempha uja wachepako pang'ono, koma sunabwerere mwakale, ndipo mwina sudzabwerera. Mapiritsi apitirire. Tili m'basi pobwerera, mwana anandifunsa chifukwa chake iye yekha m'kalasi mwawo ndiye amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa nshawa.

“Munanama, atate? Inuyo?”

“Ndinanama.”

Anayang'ana pawindo, n'kufunsanso:

“Mukananena zoona, mtima wanga ukanakhala bwino?”

“Sindidziwa, mwana wanga. Mwina.”

Tinatsika pa Sinda. Njinga ndinali nditaisiya kwa mbale wina wa kumpingo. Masiku onse amakwera kumbuyo n'kundigwira malaya. Tsiku limenelo anati ayenda pansi. Ndinakankha njinga pambali pake, ndipo tinayenda choncho mpaka kunyumba.