Timabowo ta Florentino

Nkhondo itatha, mtendere utabwera, anthu amene anathawira ku Malawi anabwerera kwawo ku Majaua atasenza mapoto, mbewu ndi malata akutha. Florentino anabwera ndi dirilo yamanja yoboolera zitsulo basi, koma matama ake, eee, ngati wabwera ndi galaja yonse.

Ku Malawi sanakhalitse mukampu ya othawa nkhondo. Anakapeza ganyu yotsuka zitsulo pagalaja ina ku Limbe, pomwe pankakonzedwa magalimoto a mpikisano. Kumeneko anaona amakanika akuboola timabowo pamutu pa pisitoni, kuti mpweya wa moto uzilowa kuseri kwa ring'i n'kuikankhira kukhoma la silinda, mphamvu isamathawe. Anaona ndi maso, koma kufunsa ayi, ankaopa kuoneka mbuli. Sanadziwe kuti injini zimenezo amazimasula n'kusintha maring'i mpikisano ukangotha.

Mlamu wake Armindo anali ndi njinga yamoto yokalamba. Ndiyo inkadyetsa banja lonse, kuphatikizapo Florentino yemweyo, chifukwa inkanyamula nyemba kupita kumsika wa Milange. Pachitunda inkatsokomola.

"Alamu, ndipatseni ndiiboole," anatero Florentino. "Iziuluka."

"Kuboola chinthu chabwinobwino?"

"Zimenezi n'za ku Limbe, inu simungazidziwe."

Armindo, munthu wofatsa, analola. Ndipo njinga inaulukadi! Pachitunda inkangodutsa fyuu, anthu n'kuyamba kutchula Florentino kuti mestre, mmisiri wamkulu, ngakhale sankadziwa chomwe anaichita. Iye kuyenda kwake kunasintha, moni ankayankha ndi chibwano.

Koma msewu wa Majaua ndi fumbi lokhalokha, petulo wake wa m'mabotolo. Ring'i yokankhidwa tsiku ndi tsiku inadyeka, n'kukanda silinda. Nyengo yokolola ili pakati, njinga inafuka utsi n'kuzima pakati panjira, nyemba zili kumsana. Armindo anaikankha mpaka kumudzi, thukuta lili kamukamu.

Florentino anaimasula pabwalo anthu ataunjikana. Atatulutsa pisitoni, timabowo take tinali poyera, tina titatsekeka ndi mwaye. Manyazi anamugwira moti analakalaka nthaka itang'ambika.

"Iii! Wopusa wake ndani anaboola chimenechi?" anakuwa Mayi Berta, omwe nyemba zawo zinali pa njingayo.

Florentino anaika pisitoni ija pansi.

"Ndinaigula ili choncho," anatero Armindo, osayang'ana munthu. "Zinthu za ku Malawi, mukuzidziwa."

Anthu anaseka, n'kuyamba kutukwana amakanika a kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Florentino anangoti zyoli. Armindo akanamumenya mbama zikanakhala bwino.

Onse atabalalika, Armindo anatola pisitoni ija, anaipukuta pa malaya ake, n'kumuikira Florentino m'manja.

"Alamu, ana adya chiyani njingayi ikagona? Konzani. Mudzi uno wodziwa zitsulo ndinu nokha."