Apongozi pa Kaliyala

Anthu a m'tauni akamatamandira misewu yawo ya tala, ine ndimangowamvera chisoni. Sanapalasepo njinga m'tinjira ta kwathu kuchigwa cha Luangwa. M'zaka za m'ma 90, pamene ndinkasita zovala za alendo pa kampu ina cha ku Nkwali, msewu waukulu wochokera ku eyapoti sindinkaufuna n'komwe. Galimoto ikakudutsa, unkafika kunyumba fumbi lili mpaka m'mano. Ife a njinga tinali ndi njira zathu, zodutsa m'minda ya thonje, m'munsi mwa mango, m'nkhalango ya tsanya, kukatulukira ku milaza kumene madala ankakolola uchema.

Uchema ndiye vinyo wathu. Amasema nsonga ya mlaza, n'kumangirirapo chigubu kuti madzi ake azidonthera. M'mawa ndi wozuna woti ngakhale abusa angalaweko, koma dzuwa likapendeka umayankhulitsa munthu Chingerezi. M'njira zimenezi munalibe hutala. Unkangomva tcheni chako ndi njiwa, ndipo mwa apo ndi apo unkazemba ndowe za njovu zikadali zofunda.

Chaka chimenecho mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo anali ndi mantha. Mkulu wake anamwalira pochira nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza, amayi awo ali tsidya lina kusowa powolokera. Amayiwo anafika n'kupeza atamufunditsa kale nsalu kumaso. Ndiye mkazi wanga anandilumbiritsa kuti tsiku lake likadzakwana, amayi ake adzakhale pambali pake, zivute zitani.

Apongozi anapita naye ku kiliniki kukadikirira, monga mwa mwambo. Koma kunabwera uthenga woti njovu zagwetsa nkhokwe yawo ya mapira, ndipo anamwino anati masiku akadalipo, choncho apongoziwo anabwerera okha kumudzi kukaona. M'mawa mwake ndinadutsira ku kiliniki ndi tinsomba touma, n'kupeza mkazi wanga atagwira mzati wa khonde ndi manja onse.

"Inu, zayamba," anatero. "Katengeni amayi. Ndipo musakaime pa uchema."

"Ine ndinaimapo liti pa uchema?"

"Pitani."

Ndinapita. Njinga yanga inali yakuda, yolemera, yogula ndi ndalama za thonje, buleki yakumbuyo yokha. Tsiku limenelo inathamanga mpaka ndinaiyamikira.

Vuto linali kutsogolo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pa mphasa imodzi. Mukakumana panjira, aliyense amapatukira kutchire, n'kupatsana moni mutagwada, nkhope ili kumbali. Chikwatirireni, ine nkhope ya apongozi ndinkaidziwa mwakuba. Zokhudzana ndiye n'zosayamba n'komwe. Tsono taganizani: kaliyala ya njinga ili pafupi bwanji ndi msana wa wopalasa?

Ndinafika pamudzi, ndinatsikira patali, n'kunjuta kuseri kwa nkhokwe yogwayo. Alamu anga onse anali ku nsomba. Panali mayi wina woyandikana nawo nyumba, ndiye anakhala wotitumikira mawu, ngakhale tonse atatu tinkamvana bwinobwino.

"Auzeni amayi kuti matenda ayamba," ndinatero.

"Akuti matenda ayamba," mayi uja anatero.

"Afunseni bambowo kuti abwera ndi chiyani," apongozi anatero.

"Njinga."

Wapansi sakanafika dzuwa lisanalowe, ndipo galimoto kumeneko inkabwera nthawi ya thonje basi. Mayi woyandikana uja ndiye anadula mlandu. Anati apongozi akhale cham'mbali, miyendo mbali imodzi, agwire kaliyala osati ine, pakati pathu aikepo kamtolo ka zitenje. Ine ndisacheuke. Tonse tinaona kuti ndi nzeru zabwino kwambiri.

Apongozi anali munthu wochepa thupi, wopepuka ngati thumba la thonje losatsendera. Tinanyamuka bwino. Ine msana njo, maso kutsogolo, kupuma mwaulemu. Poti pakati pathu panalibenso wotumikira mawu, ndinkangoyankhula ndi mphepo. "Kutsogoloku kuli mchenga." Kumbuyo kunkamveka kakutsokomola, kusonyeza kuti uthenga wafika. "Pali nthambi ya minga." Kakutsokomola.

Tinadutsa minda, tinalowa m'tsanya. Kunali kotentha, mwezi womwe mitengo imakhala mbee popanda tsamba, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Pali malo ena pamene njira imatsikira m'kakhwawa kouma, n'kukwera tsidya lina. Wanzeru amatsika n'kukankha. Koma kuti nditsike ndiye kuti ndiponye mwendo kumbuyo, kumene kunali apongozi, kapena ndiime n'kuwayang'ana akutsika. Ndinasankha kulowa ndi liwiro. Njinga inati gwede, inavina mumchenga, ndinaponda mwamphamvu, n'kutulukira pamwamba. Ndinadzitama mumtima.

Kuchokera apo njira ndi youma gwa, yotsetsereka pang'ono, yokoma kuposa zonse za m'chigwa. Njinga inkangoyenda yokha. Ndinati, koma Mulungu ali nafe lero. "Pali dzenje," ndinalengeza. Kakutsokomola sikanamveke, ndipo ndinaganiza kuti apongozi ayamba kundikhulupirira.

Ndinafika ku milaza. Pansi pa mthunzi panali madala awo a masiku onse, zigubu zili pakati. Munthu sudutsa akuluakulu uli pa chishalo, koma tsikulo ndinangochepetsa liwiro, n'kukweza dzanja.

"Mwaswera bwanji, madala. Pepani sinditsika, ndanyamula apongozi." Kenako, kwa mphepo: "Gwirani bwino, pali mizu."

Mdala wina, mwini milaza yambiri kumeneko, anatsitsa chikho pakamwa.

"Iwe, taima. Wamwa wa yani lero? Chifukwa wanga sufika pamenepo."

"Sindinamwe."

"Nanga apongozi akowo ndi a mzimu?"

Ndinacheuka, koyamba chinyamukire. Pa kaliyala panali kamtolo ka zitenje kokha, katakodwa pa sipuling'i.

Madala anaseka mpaka wina anagubuduza chigubu. Ine m'maganizo ndinaona khonde lija, manja a mkazi wanga pa mzati, ndipo ndinachita mantha enieni. Ndinatembenuza njinga.

Pambuyo pake ndinamva mmene zinayendera. Apongozi anagwera pa mchenga m'kakhwawa kaja, osavulala kwenikweni, chigongono chokha. Anandiona ndikukwera mtunda. Kukuwa akanakuwa, koma munthu ungakuwire bwanji mkamwini, kumuitana ngati mwana woba mango? Anatsokomola. Anatsokomolanso mokweza. Ine uyo, ndapita.

Ndinawapeza patali ndithu ndi kakhwawako. Ankathamanga. Mayi wachikulire, nsapato zili m'manja, chitenje atachikwinyira m'mawondo, mpango utagwa, akuthamanga pa dothi lotentha kulondola matayala anga. Sindinaonepo chinthu chondimvetsa chisoni chotero.

Ndipo tamverani zimene tinachita. Atangondiona, anapatukira kutchire kumanzere n'kugwada. Inenso ndinadumpha pa njinga, n'kupatukira kumanja, n'kunjuta. Njira ili pakati, yopanda munthu, ife tili m'minga uku ndi uku, wina akuyang'ana kum'mawa, wina kumadzulo.

"Pepani," ndinauza mtengo wa tsanya.

"Palibe kanthu," iwo anauza chulu, akupuma mwabefu.

Tinakhala choncho kanthawi, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe kudzuka. Kenako ndinamva masamba akuphwanyika. Apongozi anaima pakati pa njira, n'kundiyang'ana m'maso. Ndinaona kuti mkazi wanga anatengera mphuno yawo.

"Bambo," anatero, "ulemu tidzapitiriza mawa. Dzukani."

Anakwera mokhala ngati mwamuna, mwendo uku mwendo uku, n'kundigwira lamba wa buluku ndi manja onse awiri. "Tchovani."

Ndinatchova. Ndipo pakamwa paja, potsekedwa zaka zonsezi, panatseguka. "Mukuzemberanji mchenga, dutsani pomwepo. Kodi miyendoyi mumangositira malaya? Mwana wanga amakudyetsani chiyani?" Titafika ku milaza madala anaimirira kuti ayambe zawo, koma apongozi anangowaponyera mawu tili pa liwiro: "Khalani pansi, zidakwa inu." Anakhala pansi.

Njira yotsalayo sindiikumbuka bwino. Ndikukumbuka thukuta m'maso, tcheni chikulira, mbuzi zikubalalika, ndi zala zawo zikundikanda m'chiuno pa bampu iliyonse. Pena anasiya kundikalipira, ndipo ndinamva akunong'ona pemphero m'Chikunda, chiyankhulo chakwawo, chipumi atachitsamiritsa pamsana panga.

Pa kiliniki anadumpha njinga isanaime, n'kulowa osagogoda. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri, kumene amuna amadikirira. Ndinamva mkazi wanga akulira kuti "Amayi," ndi mawu a apongozi akuti, "Ndabwera, ndili pano." Kenako chitseko chinatsekedwa.

Dzuwa litapendeka kunamveka kulira kwa khanda, kenako nthungululu. Anamwino anasuzumira pa windo n'kundiuza kuti ndi wamkazi, ndipo onse ali bwino.

Patapita nthawi apongozi anatuluka. Ndinayamba kudzuka kuti ndipatuke, koma anandiletsa ndi dzanja. Anabwera n'kukhala pa dothi pafupi nane, miyendo atatambasula, mapazi ali matuza okhaokha, chigongono magazi ataumirapo. Sanandiyang'ane. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Uyu ndamupeza," anatero. "Bambo, uyu ndamupeza ali moyo."