Kabelu ka a Matayala

Kanalira ngati mwanapiye wosochera: tswii, tswii. Mayi a mwana anaima pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja.

"N'chiyaninso chimenecho?"

"Kabelu kanga ka pa laputopu," anayankha amuna awo ali pamphasa. "Kakalira, ndim'mwetsa mwana. Pitani kuntchito mtima uli m'malo."

Anthu amawatcha a Matayala chifukwa anakulira pomata matayala m'mbali mwa msewu. Tsiku lina jeke inapulumuka, galimoto n'kuwapsinja msana. Chichokereni kuchipatala amangokhalira kugona chafufumimba, laputopu yakale ya alamu awo ili patsogolo, kuphunzira kulemba mapulogalamu. Anayamba ndi kuuza kompyuta kubwereza chinthu. Kenako anaphunzira kumanga malamulo angapo mtolo umodzi n'kuupatsa dzina. Sabata imeneyo anali pa zolemba nambala pambali pa dzina la pulogalamu poiyambitsa, kuti idziwe kobwereza kangati. Kachinthu kakatheka ankaseka okha, kuseka kumene mkazi wawo anali atakuiwala.

Mwana anali akutsegula m'mimba. Anesi anati azimwa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono tsiku lonse, osadumphitsa. Koma kochapa zovala kumene mayiwo amagwira ntchito, ukajomba umapeza wina ataima pa simbi yako.

"Inu bambo a mwana, mumaiwala ndi kudya komwe."

"Ine ndimaiwala, aka ayi. Sikayima panjira kucheza ngati achemwali anu."

Tsiku lonse mayiwo anasita makolala, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Pobwera anapeza nyumba ili zii. A Matayala anali pomwe anawasiya, nkhope itawala ndi kuwala kwa laputopu. Kapu ya mwana inali pambali pawo, madzi atangotsika pang'ono. Mwana anagona kukamwa kuli yasa, maso atalowa, liwombo litaphwa.

Mayiwo sanakuwe. Anamubereka, n'kutuluka. Kuchipatala anesi anavutika kupeza mtsempha. Mayiwo ankangoyang'ana madontho akutsika m'kapaipi, osamva mantha, osamva mkwiyo, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Kutacha mwana anayamwa, ndipo masana anawatulutsa.

Kunyumba anapeza amuna awo atakhala tsonga, chinthu chimene msana wawo sulola.

"Ali bwanji bwana wanga?"

"Wayamwa."

"Nambala ija," anatero, maso ali pansi. "Ndinalemba yaing'ono poyesera, osaisintha. Kanalira kangapo m'mawa, kenako pulogalamu inatha. Ine ndimati nthawi sinakwane."

Mayiwo anagoneka mwana, anatsuka kapu, anaipukuta. Mawa kunali ntchito, ndipo womusiyira mwana analipo mmodzi yekha, yemweyo wa pamphasayo.

"Mawa nditani?" anafunsa mayiwo, mawu awo ali ngati a wina.

A Matayala anakwawa mpaka kukhoma, akuluma mlomo. Anazula chingwe cha laputopu, yomwe batire lake linafa kalekale, ndipo inazima pomwepo. Anachikulunga padzanja n'kuchiika m'chikwama cha mkazi wawo.

"Muzipita nacho kuntchito. Mukabwera, muzindibwereka. Masana ndiziyang'ana mwana."